Maliro Amene Sanadikire Chidindo Chanu

Kwa Bwana Mkulu Woona za Chipukutamisozi,
Kampani ya Inshuwalansi ya Khazikamtima.

Wolemekezeka Bwana,

Ndagwada pansi, chipewa chili m'manja. Ine ndine Enock Namakhoma wa kwa Phalula, mlangizi wa zaulimi wopuma pantchito, kamunthu kamene mumakakumbukira kamodzi pachaka, ikakwana nthawi yolipira. Ndati ndithokoze chifukwa cha kalata yanu yokana kundikonzera galimoto. Pepala lake ndi losalala bwino, chidindo chinakhala pakati penipeni, ndipo mayi a kunyumba, a Gladys, atandiwerengera tinagwirizana kuti sitinakanidwepo mwaulemu chotere chibadwire.

Poti inu mumadziwa nambala ya fayilo osati anthu ake, ndiloleni ndikufotokozereni. Galimotoyo, kapikapu kanga kaja, ndinagula ndi ndalama zopumira pantchito. Kenako maso anayamba kuchita chifunga, adokotala n'kundiuza kuti chiwongolero ndichisiye. Galimoto inakhala pansi pa mtengo wa mango mpaka nkhuku zinayamba kuikira mazira kumbuyo kwake. Ndiye ndinaitana bwenzi langa Che Twalibu, msodzi wa ku nyanja ya Chiuta, amene ankandidyetsa matemba masiku amene ndinali mlangizi kumeneko malipiro akachedwa. Ndinawapatsa makiyi ndi bulubuku, ndinati ayendere mpaka maso atachira kapena Mulungu atandiitana. Mboni zinalipo: a Gladys, Abiti Sadiki akazi a Che Twalibu, ndi tiyi amene tinamwa. Kwathu kuno pepala lake ndi limenelo. Galimotoyo ankaisamala kuposa mwini wake, ndipo likafika tsiku langa la kuchipatala cha maso ankabwera okha kudzanditenga.

Pa tsiku lina lotere, iwo ali pakhomo panga, wogulitsa matemba wina wa kwawoko, Che Abdulrahim, anagwa pamsika wa kwa Phalula n'kutsirizika pomwepo. Anzathu achisilamu sagoneka maliro. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe akhale atagona kwawo. Ndine ndinauza Che Twalibu kuti anyamule malemu kupita nawo kwawo, maso adikira koma maliro sadikira. Amalonda anzake a malemu anazunguza chipewa kusonkha ya mafuta, aliyense kangachepe, n'kukwera kumbuyo ndi thupi. Atafika cha ku Rivirivi ng'ombe inalowa mumsewu, Che Twalibu poizemba anakagunda mtengo. Amoyo onse anatuluka ndi timabala, malemu sanadandaule. Lole ya munthu wachifundo inawanyamula onse, mwambo unayenda pa nthawi yake. Ng'ombe ija ili bwino, ngati mukufuna kudziwa, ndipo ndi yokhayo simunaipemphe kalata.

Tsono ndiyambe kuthokoza mwandondomeko, monga mumakondera.

Choyamba, zikomo pondiphunzitsa kuti Che Twalibu kulibe. Laisensi ali nayo, mowa salawa, koma poti dzina lawo silili pa ndime ya oyendetsa ololedwa, galimotoyo inkadziyendetsa yokha. Ndimeyo, Bwana, mwaiika kumapeto ndi timalemba tonga mazira a nsabwe, kulembera munthu amene wabwereketsa galimoto chifukwa saona. Nzeru zimenezi n'zapamwamba. Chaka chilichonse popita kukalipira ku ofesi yanu ya ku Balaka, Che Twalibu ndiwo ankaimika galimoto pakhomo panu, kundigwira dzanja pamasitepe. Kalaliki wanu wa tayi wofiira, a Brighton, ankafika powafunsa mtengo wa matemba. Ndinawauza ndi pakamwa pangapa kuti amene akuyendetsa masiku ano ndi awa. Yankho lawo ndikulikumbukirabe: palibe vuto madala, ingosainani apa. Tsiku lolandira makutu awo anali akuthwa. Tsiku lopereka agontha, akuti za pakamwa sizilowa mu kompyuta.

Chachiwiri, zikomo ponditsegula m'maso, ntchito imene yakanika adokotala. Mwalemba kuti galimoto yanga inkachita matola popeza okwera analipira. Ine sukulu yanga ndi ya chimanga ndi feteleza, sindinkadziwa kuti chipewa cha pamaliro ndi bizinesi. Tatiuzani, kondakitala anali ndani? Malemu analipira pokwera kapena potsika? Makolo anati maliro n'kulirana, koma makolowo sanawerenge ndime zanu, muwakhululukire.

Chachitatu n'cha fomu. Atsikana a pakauntala anakangana mpaka nthawi ya nkhomaliro ngati Che Abdulrahim alembedwe pa mzere wa okwera kapena wa katundu. Anagwirizana kuti ndi wokwera, ndiye fomu inabwezedwa chifukwa wokwera mmodzi sanapereke umboni wake. Mwandituma lipoti la apolisi, ndabweretsa. Mwandituma makotesheni a m'magalaja, ndabweretsa, lipoti lija n'kupezeka kuti latha mphamvu podikira makotesheniwo. Mpaka munandituma kalata yolumbira yotsimikiza kuti ine ndi Che Twalibu ndife mabwenzi. Ndinalumbira, Bwana, ndevu zoyerazi, pamaso pa munthu wachilendo amene ndinamulipira kuti akhulupirire. Akabaza a pa depoti ya Balaka tsopano amandiitana dzina ndikamatsika minibasi.

Chachinayi, mwati woyendetsa anathawa pamalo a ngozi asanafike munthu wanu wodzaona kuonongeka. N'zoona, analakwa. Akanayala mkeka m'mbali mwa msewu, iwo ndi malemu, kumuyembekezera. Munthu wanuyo anafika nthawi imene matayala, batire ndi mipando zinali zitapeza kale eni ake atsopano, n'kulemba kuti galimoto inali yosasamalika.

Apa ndiye ulemu wandithera pang'ono, mundipirire. Galimoto sikundipweteka, n'chitsulo, ndipo sindikanaiyendetsanso. Chikundisowetsa tulo ndi Che Twalibu. Munthu ameneyu analeredwa kuti chobwereka chimabwerera kwa mwini chili chathunthu, apo ayi ndi ngongole imene udzakaiyankha pamaso pa Mulungu. Ndawauza kuti ndine ndinawatuma. Ndawauza kuti sindikufuna kanthu. Ndatuma ngakhale shehe wa kwawo kuti akawalankhule. Akana. Chichitikireni ngoziyo sanapondenso pakhomo panga, foni akaiona kuti ndi ine amapatsira akazi awo. Sabata yatha Abiti Sadiki anabwera okha, anakhala pansi pakhonde, mpando anaukana, n'kundiuza misozi ili chuchuchu kuti bwato ndi maukonde zaikidwa pamalonda kuti andigulire galimoto ina. Bwato limenelo ndilo limadyetsa khomo lonse, ndi ana amasiye a mlongo wa Che Twalibu omwe. Ndakwiya, Bwana, ndipo ndikuchita manyazi. Ndinkati ndikuthandiza mnzanga, kupatsa n'kuika, koma ndamuika m'dzenje. Che Twalibu akuti mawu amodzi okha ndi amene angawaletse: atamva kuti a inshuwalansi akonza galimotoyo. Ndinaganiza zowanamiza kuti mwavomera, koma bodza lotere likufuna munthu wophunzira ntchito yake, ine sindinagwirepo kwanuko.

Chaka ndi chaka ndakhala ndikukupatsani ndalama kuti tsiku la tsoka ndisadzataye kanthu. Tsokalo lafika, ndataya galimoto, ndikutaya bwenzi, bwenzi likutaya bwato. Inu nokha ndi amene mwatuluka opanda bala, pamodzi ndi ng'ombe ija.

Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wamng'ono. Wogula bwato afika Lachisanu likudzali anthu akatuluka mumzikiti. Ngati m'mafayilo anu muli kandime kena kobisika, kaja mumasungira abale anu, kotheka kuwerengedwa mokomera munthu, katumizeni tsikulo lisanafike. Ngati mulibe, bwerani nokha ku Chiuta mudzakhale mboni pogulitsa bwatolo. Mubwere ndi chidindo chanu, ana aja adzachione chimene chawadyera chakudya chawo. Mpando tidzakupatsani, tiyi mudzamwa, ndipo sitidzakufunsani fomu.

Potsiriza, mutuluke ndi fomu ina yatsopano, muyambe kuidzaza inuyo. Mulembepo pasadakhale dzina la amene adzakunyamuleni tsiku lanu likadzafika, nambala ya galimoto yake, ndi kalata yolumbira yoti ndi mnzanu. Muchenjezenso abale anu kuti asadzayerekeze kusonkha ya mafuta. Mulungu akupatseni masiku ambiri, Bwana, sindikukufunirani choipa. Koma zikadzachitika muli kuno kwathu, dzina la woyendetsa n'kusapezeka pa ndime yake, musadzade nkhawa. Malamulo anu tawaphunzira bwino. Tidzakugonekani pamthunzi m'mbali mwa msewu, mwaulemu wonse, mpaka munthu wanu wodzaona atafika.

Ine wanu wokhazika mtima pansi monga munandilamulira,

Enock Namakhoma,
Kwa Phalula, Balaka.