Momwe Ndinatsekera Mawu a Amake Teleza mu Fulashi

Mpaka lero ndikamadutsa pa tchalitchi chathu kuno ku Zemba, amayi a kwaya amayamba kutsokomola chonamizira, chitenje chili pakamwa. Sindiwaimba mlandu ayi. Ndinaziputa ndekha, ndipo poti nkhaniyi inafika kale mpaka ku Pembamoyo, bola muimve kwa mwini wake.

Ine ndimaphunzitsa kwaya (uphunzitsi wa kusukulu ndinapuma, koma kukalipira anthu sindinapume). Mkazi wanga, amake Teleza, ndiwo ankatsogolera nyimbo. Akayamba iwo, ngakhale azibambo okhala kumbuyo aja ankasiya kukambirana za thonje. Miyezi ingapo asanadwale tinajambula nyimbo ya chopereka imene ndinapeka ndekha. Ndinali ndi laputopu yakale yolemera ngati njerwa, ndi pulogalamu yojambulira nyimbo imene mphunzitsi mnzanga anandiikira. Pulogalamuyo imasunga mawu aliyense pamzere wake: amayi paokha, besi payokha, ng'oma payokha. Ukamaliza umayenera kuphatikiza zonse kuti ikhale nyimbo imodzi yomveka pa foni kapena pa wailesi. Ine sindinaphatikize. Ndinkangoti mawa, besi sinakhale bwino. Tsiku la mawalo tinali pamaliro awo.

Kuyambira pamenepo sindinayerekeze kutsegula. Ndinangokopera zonse mu fulashi, pamodzi ndi pulogalamu yake, n'kuiika m'kabokosi momwe muli kolona yawo. Ndinkawasowa koopsa, koma ndinkaopa kuwamva.

Patatha zaka zitatu, abale tinagwirizana zomanga chiliza ndi kuchita Misa ya chikumbutso tikatha kukumba mtedza. Mwana wathu Teleza, yemwe ndi namwino ku Chipata, ananditumizira laputopu yatsopano pa minibasi, yopyapyala, yosalira ngakhale pang'ono. Pa foni anati, "Atate, mukonze nyimbo ija. Ndikufuna ndidzamve amayi. Koma chonde, laputopuyo ikakufunsani kuti ilowetse zinthu zimene simukuzidziwa, muzikana. Mukavomera mudzailowetsera matenda."

"Iwe, makompyuta ndinayamba kugwira usanamere mano," ndinatero ine (bodza, anali kale ku sekondale).

Cholakwa choyamba chinabwera pa njinga. Alamu anga a Dominiko, mlongo wawo wa malemu, anaona chatsopanocho patebulo, n'kuyang'ana chakale chija pakona.

"Alamu, nanga ichi chikhala cha mbewa?"

Kwathu kuno chatsopano chikalowa, chakale chimapita kwa m'bale, ndipo mlamu sum'mana. Ndinawapatsa, mpaka ndinawathandiza kumanga pa kaliyala. Sabata yomweyo anakachitsukitsa ku boma, chonse mbee, n'kudzazamo makanema a nkhonya.

Cholakwa chachiwiri ndinachichita Lamulungu, nthawi ya zolengeza. Ndinaimirira n'kunena kuti pa tsiku la chikumbutso, nyimbo ya chopereka adzatsogolera ndi amake Teleza eni ake, ndi mawu awo enieni. Amayi analulutira, ena anagwetsa misozi. Ndinagula mbereko mwana asanabadwe, chifukwa fulashi ija ndinali ndisanaizike n'komwe.

Lolemba m'mawa ndinaizika. Ndinadina kuti pulogalamu ilowe. Basi pagalasi panatuluka uthenga wa m'Chingerezi, wakuti pulogalamuyi inapangidwira pulosesa (ubongo wa makina) yamtundu wakale, pomwe makinawa ali ndi yamtundu watsopano, choncho pakufunika kulowetsa kaye kapulogalamu kena kokhala pakati kuti ziwirizi zimvane. Pansi pake mabatani awiri, lovomera ndi lokana. Dzina la kapulogalamuko sindinalimvepo chibadwire. Ndinati ehee, matenda aja ndi amenewa! Ndinakana, ndipo ndinadzitama mumtima kuti mwana wanga ali ndi bambo wochenjera.

Ndinayesanso. Funso lomwelo. Ndinakananso. Ndinazimitsa, ndinayatsa, ndinapukuta fulashi ndi malaya, ndinaiuzira mpweya. Ndinaganiza kuti mwina vuto ndi netiweki, ndiye ndinakwera pa chulu cha kuseri kwa nkhokwe, munthu wa imvi, laputopu ili pamaondo, n'kukana ndili pamwamba pomwepo. Ndinapita nayo kwa a katekisiti. Iwo anavala magalasi, anawerenga kawiri konse.

"Mwana wanu anati chiyani?"

"Anati ndizikana."

"Ndiye kanani, aphunzitsi. Mwanayo ndi wa zachipatala, matenda amawadziwa."

Tinakana tonse awiri.

Sabata yachiwiri ndinapalasa njinga mpaka ku boma, kwa mayi wina wokonza mafoni pafupi ndi msika. Anangoyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Adadi, apa n'kungovomera basi. Palibe choopsa." Chala chake chinali chikupita kale pa batani. Ndinalanda laputopu yanga ngati ndikulanditsa mwana pamoto, n'kumuuza kuti anthu ngati iye ndi amene amawononga dala zinthu za eni kuti tizibwerabwera. (Mayi, ngati mukuwerenga izi, pepani. Mukandiona pamsika musandiloze.)

Mufunsa kuti bwanji osangomuimbira Teleza. Ndinamuimbira, inde. Koma asanamve vuto langa anafunsa kuti, "Atate, mwawamva amayi? Akumveka bwanji?" Ine pakamwa panangotuluka kuti, "Akumveka bwino, mwana wanga, ngati ali pompano." Analira pa foni, kulira kwa chimwemwe. Ndikanabweza bwanji mawu amenewo? Masiku otsalawo ndinkangokhala pakhonde, fulashi ili m'manja, ndikudziwa kuti mkazi wanga ali m'katsulo kameneka, mpweya wake ndi kaseko kake, ndipo ine ndikulephera kum'tsegulira.

Tsiku linafika. Teleza anatsika minibasi Misa itayamba kale, anakhala kumbali ya amayi. Sipika yobwereka inali kutsogolo. Itakwana nthawi ya chopereka, tchalitchi chonse chinati zii, ngakhale makanda. Ndinatsegula laputopu ndikupemphera kuti pamalo oyera mwina ichita manyazi. Funso lomwe lija. Ndipo abale anga, pamaso pa Bambo Mfumu ndi mpingo wonse, ndinakananso.

Thukuta kamukamu. Woimba ng'oma akundiyang'ana, manja ali m'mwamba. Sindikudziwa chinandilowa n'chiyani, koma ndinatsegula pakamwa n'kuyamba ndekha gawo la amake Teleza, pamwamba pomwe iwo ankayambira, ine munthu wa besi. Chimene chinatuluka, tambala wachimfine akanandiposa. Kwaya inalowa mondimvera chisoni, theka likuimba, theka likugwedezeka mapewa. Kumbuyo ndinamva a Dominiko akunena mosabisa, "Aaa, mlongo wanga sankaimba choncho!" Zonsezo ndikanapirira. Chimene chinandipweteka n'chakuti Teleza sanaseke. Anangoweramitsa mutu mpaka nyimbo inatha.

Titachoka kumanda, alendo atadya n'kubalalika, Teleza anandipeza pansi pa mtengo wa mango.

"Bweretsani, atate."

Anawerenga uthenga uja n'kupuma mozama. "Ichitu n'cha omwe anapanga makinawa. Pulogalamu zakale siziyenda popanda icho."

"Unati ndizikana."

"Ndinati zimene simukuzidziwa. Nanga mukapanda kudziwa, foni muli nayo ya chiyani?"

Analumikiza netiweki ya foni yake, anadina batani lomwe ndinalizemba masabata atatu, ndipo tiyi asanazizire m'kapu pulogalamu inali italowa. Mizere yonse ija inaoneka, dzina la amayi ake lili pamwamba. Anatseka ina yonse n'kusiya umodzi wokhawo. Tinalipo atatu basi, ine, iye ndi alamu.

Kunamveka mpando ukukokedwa, kenako kukonza kukhosi. Nyimbo isanayambe, mawu omwe sindinawamve zaka zitatu anatuluka, pafupi ngati ali paphewa panga:

"Kodi chikujambula? Inu atate ake Teleza, mukungodinadina apo. Ngati simukudziwa mufunseni mwana. Safunsa anadya phula!"

Kenako anaseka, kuseka kwawo kuja, n'kuyamba kuimba.

A Dominiko anavula chipewa. Teleza anaseka misozi ikutsika, anandigwira dzanja. Ine ndinalira ngati maliro achitika dzulo. Ndinali nditaiwaliratu kuti ananena mawu amenewo.

Teleza anaphatikiza nyimboyo tsiku lomwelo, ndipo pano ili m'mafoni a kwaya yonse. Anafuna kudula koyambirirako, ine ndinamupempha kuti kwa ine asadule. Nyimboyo ndimaimvera Lamulungu lokha, koma kukalipako m'mawa uliwonse ndisanapite kumunda.

Mwina mukuganiza kuti ndinaphunzirapo. Sabata yatha laputopu inatulutsa funso lina latsopano. Sindinavomere, sindinakane, ndipo Teleza sindinamuimbire. Ndimangosewera mawu aja, iwo n'kundikalipira, ine n'kuyankha kuti, "Ndamva, amake Teleza." Nanga ndikayamba kufunsa, adzandikalipira chiyani?