Bambo Amene Analawira Mwana Mbale Yonse

Mwambi wa pusi uja, umene mumauzana wina akamalumphira mbale iyi ndi iyo, unayamba motere. Anthu amati pusiyo anali nyama ya mumtengo. Amanama. Anali munthu wa ndevu zake, wa pa Lizulu, dzina lake Fulakisoni. La Pusi anamupatsa ali mnyamata, chifukwa chakudya chikadutsa pafupi naye, dzanja lake linkanyamuka lokha.

Mkazi wake, Esinati, ankagulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu. Mwana wawo woyamba, Malita, atatha miyezi isanu ndi itatu anayamba kukana supuni. Bere ankayamwa, koma zinazo ankafuna kuzigwira yekha. Esinati anafunika kubwerera ku malonda, ndipo sanafune kuti mwana azikwawa m'fumbi la malole. Mkulu wake wa Esinati, mayi Fostina, anali atanena kale kuti adzasamukira kwa iwo kuti azilera mwanayo.

Fulakisoni atamva zimenezi anayamba kufuna njira yowaletsera. Mayi Fostina anali wamasiye wa mawu ngati belu la tchalitchi. Akabwera kudzacheza ankagawa okha nyama, ndipo Fulakisoni ankalandira khosi.

"Alamu anga asavutike," anatero. "Kodi kudyetsa mwana ndi ntchito? Ine ndakhala ndikudya chibadwire, sindinaphonyepo pakamwa."

"Chabwino, bambo a Malita," anayankha Esinati. "Mawa ndikusiyirani. Ndikapeza mwana wadya bwino, achemwali akhala kwawo. Zikavuta, katundu wawo mukasenza ndinu."

M'mawa mwake Esinati anaphika mbatata ndi dzungu mpaka zinafewa. Anazidula zazitali ngati chala, pamodzi ndi peyala ndi nthochi yakupsa, n'kuziyala m'mbale.

"Tamverani zimene anatiuza ku sikelo. Mwana azidya atakhala tsonga, osati atagona. Musamusiye yekha ali ndi chakudya m'kamwa. Mtedza wathunthu ayi, chimanga chokazinga ayi, zimatseka pakhosi. Ndipo mukakayikira chinthu, mubenthuleko pang'ono, muchikanikize ndi lilime kumwamba kwa m'kamwa, osatafuna. Chikaphwanyika, ndiye kuti usinini wa mwana uchitha."

Fulakisoni ankagwedeza mutu, maso ali pa peyala. Pa mawu onsewo, amene analowa bwinobwino anali akuti alawe.

Esinati atapita, Fulakisoni anayala mphasa pakhonde, n'kukhazika Malita. Iye anakhala pa kampando ka miyendo itatu, mbale ili pamaondo. Malita anatambasula manja.

"Dikira, iwe. Bambo ako ayambe ayesa. Ndiwo malamulo a boma amenewo."

Anatenga mbatata. Sanabenthule, poti kubenthula n'kuwononga maonekedwe. Anaiponya yonse m'kamwa, anaikanikiza ndi lilime, ndipo inasungunuka.

"Eee! Ichi chakoma."

Koma mbatata imene inapambana mayeso inali itapita kale m'mimba. Yotsalayo inali isanayesedwe, ndipo bambo wachikondi sangapatse mwana wake chinthu chosayesedwa. Anaiyesa. Anayesanso inzake, chifukwa mbatata zina zimakhala ndi mtima wouma pakati.

Anafika pa dzungu. "Ichinso chakoma." Pa peyala anatseka maso. Malita ankatsatira dzanja la bambo ake kuchoka m'mbale mpaka kukamwa, ndipo dzanjalo likamakwera, nayenso ankayasamula kakamwa kake. Kankatsekeka kopanda kanthu.

Mayi Nankhoma a nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda akuyanika zovala.

"A Pusi, kodi amene akuphunzira kudya ndi ndani pamenepo?"

"Amayi, izi n'zachipatala. Simungazimve."

"Ndikuona. Wodwalayo akunenepa ndithu."

Nthochi yomaliza itatsika, Malita anayang'ana m'mbale, anayang'ana bambo ake, kenako anatsegula kulira kumene kunautsa agalu a mzere wonse. Fulakisoni anamupatsa mbale kuti anyambite. Mwana anaitaya. Anamuimbira nyimbo ya kwaya. Kulira kunakula.

Apa mantha anamugwira. Mayi Fostina anayamba kumuonekera m'maso, atakhala pa mpando wake, akumuninkha khosi la nkhuku. Anathamangira m'nyumba, mwana ali yekha pamphasa, kukafufuza chodya. Kuphika mbatata ina kunali kutali. Pamwamba pa kabati anapeza chitini cha mtedza wokazinga umene Esinati anabisa, osabisira mwana, koma mwini nyumba.

Anabwerera pa kampando kake akuseka.

"Amayi ako anati mtedza ayi. Koma anatinso tikakayikira tiziyesa. Ine ndikukayikira."

Anatapa dzanja lodzaza n'kukhuthulira m'kamwa. Anakanikiza ndi lilime. Mtedza sunaphwanyike. Munthu wanzeru akanalavula pomwepo, koma mchere unali utayamba kale ntchito yake. Anapendeketsa kampando, anakweza chibwano kuti mcherewo utsike bwino, natsegula pakamwa kuti ayamikire.

"Ichi ndiye chako..."

Mtedza umodzi unalowera njira ya mpweya. Maso anatong'oka. Manja anapalasa m'mwamba, mwendo wa kampando unaterereka, ndipo Fulakisoni anagwa chagada, miyendo kumwamba. Chitini chinagubuduzika, mtedza n'kumwazikira pamphasa ponse. Malita anasiya kulira. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo chakudya chinali chitafika pamene dzanja lake likanafika. Anatola umodzi ndi tizala take tiwiri.

Pa nthawi imeneyo n'kuti mayi Fostina akulowa pachipata. Esinati sanali wopusa: popita kumsika anadzera kwa mkulu wake n'kumupempha kuti akasuzumire dzuwa likakwera.

Mayi Fostina anaona bambo akuphupha pansi, anaona mwana akukweza dzanja kukamwa. Anamulumpha bamboyo ngati chipika. Anagwira kadzanja ka Malita, anachotsa mtedza, anayang'ana m'kamwa, napereka mwanayo kwa mayi Nankhoma amene anali atathamangira. Kenako anatembenukira kwa mlamu wawo. Anamudzutsa ndi kolala, anamuweramitsa, n'kumusasantha ndi chikhatho pakati pa mapewa. Mtedza unatuluka ngati chipolopolo, nkhuku n'kuuthamangira. Mayi Nankhoma ankalumbira kuti mtedzawo unatuluka pa kumenya kwachiwiri. Zikhatho zinazo zinali za mayi Fostina okha.

"Alamu, mwana wadya chiyani?"

Fulakisoni anatsokomola. "Tinali tidakali pa mayeso, alamu."

"Mbale yonse?"

"Zonse zapambana. Mtedza wokha ndi umene walephera."

"Walephera ndinu. Mwana akanameza umenewu, bwenzi pano tikulira maliro, inu mukunyambita zala."

Anatulutsa nthochi m'chikwama, anaisenda, anaing'amba m'litali, nakhazika Malita tsonga pamiyendo pawo. Mwana anaigwira ndi nkhonya yonse, anaipaka pamphuno, anaipaka patsaya, kenako anapeza pakamwa. Fulakisoni anameza malovu.

"Imeneyo mwaiyesa, alamu?"

Mayi Fostina anangomuyang'ana, iye n'kuyang'ana nkhuku.

Madzulo a tsiku lomwelo anthu a pa Lizulu anaona Fulakisoni akudutsa pamsika atasenza matiresi, sutikesi ili m'manja, msana wopindika. Mayi Fostina ankabwera pambuyo ndi ambulera. Esinati anangopitiriza kuunjika kachewere wake. Koma mayi Nankhoma anali atafika kale pamsikapo, ndipo amayi ogulitsa kabichi atafunsa chimene chachitikira mwamuna wa Esinati, iwo anapukuta misozi ya kuseka n'kuyankha kuti:

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada."