A Ottokar ndi Mboni Yachitatu

Aliyense m'mudzi muno akudziwa kuti malemu Ottokar Wiethoff sankakhulupirira kanthu popanda mboni zitatu. Ukawauza kuti kunja kukugwa mvula, ankayamba atulutsa dzanja pazenera, kenako n'kukafunsa mnansi. Ndiyesetsa kuti ndisawanamizire, pakuti iwowo ankadana ndi bodza. Kapena ndinene kuti ankadana ndi kulakwitsa. Ziwirizi n'zosiyana, ndazindikira mochedwa.

Anagawa makalata a positi mpaka kupuma pa ntchito, koma ntchito ya pamtima pawo inali ndege zathu za usiku, zija zinkanyamuka kukatchinga ndege za Angerezi zoponya mabomba pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Iliyonse imene inagwera m'madambo athu ano inali ndi khadi lake m'makatoni a nsapato: tsiku, nambala ya ndege, ndi mayina a anyamata amene anali m'katimo. Kalata yako inkatha kugona masiku awiri m'chikwama chawo ngati nkhalamba ina panjira yakumbuka kena kake ka 1944.

Tsiku lina anakumba m'munda wa mbatata wa a Hinnerk kuyambira m'mawa, makina awo ofufuzira zitsulo akulira ngati mbuzi yomangidwa.

"Hinnerk, vula chipewa! Chidutswa cha injini ichi!"

"Injini ya chiyani, iwe wa positi? Mbaula ya apongozi anga imeneyo. Ndinaikwirira ndekha."

"Mboni zako ndani?"

"Apongoziwo."

"Imodzi yokha, yakufanso. Sindingalembe."

Mbaulayo inakhala m'chipinda chawo zaka zisanu, atamatapo kapepala koti "Zikufufuzidwa".

Pa tsiku lokumbukira ofa pa nkhondo, abusa akuwerenga mayina ndi masiku pa chipilala, a Ottokar anakweza chala.

"Abusa, ameneyo anagwa Lachiwiri, osati Lolemba."

"A Wiethoff, tili m'pemphero."

"N'chifukwa chake ndikunena. Musam'patse Mulungu tsiku lolakwika."

Tinaseka mpaka oimba malipenga analephera kuyamba. Inenso ndinaseka. Ndinkawakonda, ndipo ndinkawadalira kuposa wina aliyense, pa chifukwa ichi. Bambo anga, Alfons Terhalle, anali wa wayilesi mu imodzi mwa ndegezo. Ananyamuka mu Malichi 1944, ine ndili m'mimba, osabwereranso. Boma linangolemba kuti anasowa. Amayi sankapempha zambiri: malo chabe oti akaikepo maluwa. Lachinayi lililonse tinkapita kwa a Ottokar titanyamula keke ya maapozi.

"Pali chatsopano, a Wiethoff?" amayi ankafunsa.

"Zikufufuzidwa, mayi Terhalle. Koma kekeyi lero mwaumira shuga."

"Inu mukapeza mwamuna wanga, ndidzathiramo thumba lonse."

Amayi anamwalira mu 1998 akudikirabe.

A Ottokar atatisiya chaka chatha, mwana wawo Wiebke anandipempha kuti, monga mphunzitsi wopuma, ndisanje makatoniwo asanapite kosungira mbiri ya dera lathu. Tsiku lachinayi ndinapeza khadi la bambo anga. Ndinawerenga deti kangapo, ndinasinthanso magalasi, kuopa kunamizira a Ottokar. Linalembedwa mu 1991. Malo: dambo la kuseri kwa chigayo chakale, mphindi khumi pa njinga kuchokera pakhomo pathu. Mboni yoyamba: mlimi amene anaona moto ukugwa. Yachiwiri: kachitsulo ka nambala kamene msilikali amavala m'khosi, kotoledwa ndi okumba ngalande. Kanali momwemo, mu envulopu. Nambalayo ndinkaidziwa pamtima kuyambira ndili mwana. Pa mboni yachitatu panalibe kanthu. M'munsi analemba ndi pensulo: "Osauza banja kufikira zitatsimikizika."

"Wiebke, bambo ako ankadziwa."

Anayang'ana khadilo, nakhala pansi. "Mayi Irmtraud, mukuwadziwa mmene analili. Ankaopa kukupatsani dambo lolakwika."

"Akanatipatsa lolakwikalo! Ukuganiza amayi akanafunsa mboni? Zaka zisanu ndi ziwiri akukhala pampando uwo, kachitsulo ka mwamuna wawo kali m'katoni pafupi ndi mapazi awo!"

Wiebke anandibwezera khadilo. Akanati chiyani, mwana wa eni?

Masiku ano mudzi uli zii. Mlimi akafukula chitsulo ndi khasu amangochiponya m'mbali mwa munda, palibenso wothamangira kukamuonetsa. Kumalo omwera mowa amuna amakamba za a Ottokar n'kumapukuta misozi ya kuseka. Akatembenukira kwa ine ndimangogwedeza mutu. Kudambo kuja ndinapitako ndekha ndi maluwa. N'zomvetsa manyazi kuyandikira kwake.

Manda a Ottokar ali mizere iwiri kuchokera pa a amayi. Wiebke amakhala kutali, ndiye anandipempha kuti ndikamathirira maluwa a amayi ndizithirirako ndi a bambo ake. Ndinavomera. Loweruka lililonse ndimatunga ndowa ziwiri, ndipo ya a Ottokar ndimathira yonse, osaumira ngakhale dontho. Koma amayi ndimawapatsa moni ndi kuwauza za m'mudzi. A Ottokar sindiwalankhula.