Nsapato Zopanda Chigamba ku Kachisi wa Ahindu

Kwa Bwana Mphunzitsi Wamkulu,

Ndagwada, bwana. Ndine wosoka nsapato uja wa pakhonde la sitolo ya zitsulo, bambo wa mtsikana amene munamutsitsa m'basi Lachiwiri, ana a Sitandade 7 akupita kukaphunzira za chipembedzo ku kachisi wa Ahindu. Ine sukulu ndinalekeza panjira, ndiye nzeru ndimatola kwa inu. Loleni ndithokoze.

Choyamba, zikomo chifukwa cha lamulo lanu loti wokwera basi avale nsapato zakuda zopanda chigamba, kuti sukulu isakachite manyazi kwa eni kachisi. Za mwana wanga zinali ndi zigamba ziwiri, zosoka ine ndemwe, ulusi wake wosaduka wamba. Munangoziponyera diso n'kumuuza kuti atsale azisesa kalasi. Anasesa akulira, ndipo sindibisa, zinandiwawa.

Chachiwiri, ndikugomera kafukufuku wanu. Anzake a mwana wanga akuti atangofika, wansembe anawalandira ndi nsangala n'kuwapempha kuti avule nsapato pakhomo, poti m'kachisi salowa nazo. Ana analowa opanda nsapato, anaimba belu, ananunkhiza zofukiza, anaona nyali ndi maluwa, n'kufunsa chifukwa chake chifanizo china chili ndi mutu wa njovu. Nsapato zimene zinapambana mayeso anu zinatsala panja padzuwa.

Chachitatu, mwandipezera ntchito. Nsapato za ana makumi anayi, zonse zakuda, zofanana ngati nyemba, zinaunjikidwa mulu umodzi. Potuluka aliyense anangotola zomwe dzanja lagwira. Mwana wa atelala anafika kwawo ndi zakumanzere zokhazokha, akuyenda ngati nkhanu. Makolo akhala akubwera pakhonde panga kuyambira tsikulo kuti ndiwazindikirire zawo.

Chachinayi ndi kudzipereka kwanu. Ndamva kuti inu simunalowe, munadzipereka kulondera nsapato. Amiseche akuti mutavula imodzi, chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi, ndipo munaibwezera msangamsanga wansembe akuyandikira. Ine sindikhulupirira zimenezo, bwana. Munthu wodana ndi chigamba ngati inu sangayende ndi chibowo.

Tsono vuto ndi ili. Lachisanu kuli mayeso, ndipo funso lalikulu ndi lakuti ana afotokoze zimene anaona m'kachisi. Wolephera abwereza kalasi. Mwana wanga anaona tsache ndi fumbi la basi basi.

Sindikupempha kuti mumukhululukire mayesowo, ayi, lamulo ndi lamulo. Pempho langa ndi laling'ono: Lachisanulo mukakhale naye desiki imodzi, nonse awiri amene simunalowe, mulembe pepala lomwelo. Amene apeze malikisi ochepa ndiye abwereze.

Ine wapansi pa mapazi anu,
Wosoka nsapato wa pakhonde