Fayilo ya Njovu za ku Kazuni

Sekani ndithu, mano ndi anu. Koma inu aphunzitsi achinyamata amene mwakhala pakhonde la sitolo ino chiyambire m'mawa mukulira kuti kalaputopu kanu kakukana kutsegula fayilo, mpaka mwaimbira foni mlamu wanu wa ku Mzuzu kuti akupulumutseni, musandiuze ine za mavuto a fayilo. Matola opita kuboma safika msanga, msewu wa Katowo uno ndimaudziwa, choncho khalani pansi mumve. Nanunso a Mkandawire tsokomolani mmene mungathere, ndikudziwa kuti chifuwa chanucho chimayamba ine ndikangotsegula pakamwa. Ndinu mkulu wa mpingo, ndipo ndikulumbira pamaso panu kuti m'nkhani ino likapezeka bodza ngakhale limodzi, mukandidule Lamulungu likubwerali.

Ine Kachingwe, mwana wa ku Ntcheu, boma linanditumiza kuno kudzaphunzitsa masamu zipani zitangoyamba kuchuluka, nthawi imene aliyense anapeza ufulu woyankhula, koma wodziwa kuyankhula ndi kompyuta kumtunda kwa Njakwa kuno ndinali ine ndekha. Sindikunena zogogoda makalata a ntchito ayi. Ndikunena kulemba pulogalamu, kuilamula kompyuta m'chiyankhulo chake chomwe, chija eni ake anachitcha Python, ndiye kuti nsato, ndipo dzinalo sanalakwitse, chifukwa chikakukulunga chimayamba ndi nthiti. Inu mumafunsa intaneti chilichonse, ngakhale dzina la amalume anu. Ine ndinaphunzira m'buku lopanda chikuto limene chiswe chinadya theka, moti theka linalo ndinachita kulipeka ndekha, ndipo ndinamva kuti eni chiyankhulocho anadzasintha zina kuti zigwirizane ndi zanga. Mukumva?

Tsiku lina ndili m'kalasi kuboma, pakhomo panaima mayi wamtali, fumbi mpaka m'nsidze. Dzina lake anali Nyagondwe, mtsogoleri wa kagulu ka alimi a kufupi ndi Kazuni. Kumeneko njovu zinkatuluka m'dambo la Vwaza n'kumakolola minda ngati zinalima nawo, ndipo chaka cham'mbuyo zinamupondera mwamuna wake m'chimanga chake chomwe. Dzinja lonse mayiyu ndi anzake anayenda m'matope kulondola njira iliyonse imene njovu zinkatulukira. Mzungu wina wongodzipereka analemba njira zonsezo mufayilo, n'kuyamba pulogalamu yoti iwerenge fayiloyo ndi kujambula mapu, koma malungo anamubweza kwawo asanamalize. Tsopano alendo olonjeza mpanda wa waya anali kudzafika mawa lake kudzaona mapuwo, ndipo ananeneratu kuti popanda mapu, wayayo apita naye kuboma lina.

"Monire asambizgi," anatero mayiyo, kundipatsa moni ngati mphunzitsi m'Chitumbuka chakwawo. "Makina akana. Tawapempha chomene, sakumva. Akuti inu amakuopani."

Sananame. Ndinasiya choko m'malere, ndinamukweza mayiyo pakaliyala, n'kupalasa njinga mwakuti mitengo ya m'mbali mwa msewu inawerama ngati ikulandira mgonero, matayala anafuka utsi, ndipo chithunzithunzi changa chinatsalira pamlatho, chinadzatipeza ku Kazuni titamwa kale madzi, chili wefuwefu, n'kugona pamapazi panga osatha kupereka moni.

Ofesi yawo inali kanyumba ka zidina, sola padenga, batire la galimoto pansi pa tebulo, ndi kompyuta yofunditsidwa chitenje ngati mkwatibwi. Alimi anadzaza pabwalo. Ndinavundukula chitenjecho, ndinayendetsa pulogalamu ya mzungu uja, ndipo nsato inandiyankha m'Chingerezi chake chamwano kuti fayilo yotero kulibe, ngakhale foda yake kulibe. Tamverani. Fayilo ndikuiona ndi maso angawa, yakhala phee mufoda yotchedwa thengo, dzina lake njovu, koma makina akuti kulibe. Inu mukanathamangira kuzimitsa n'kuyatsanso, poti ndiwo mankhwala okha amene munaphunzira kukoleji. Ine ndinagunditsa khutu pabokosi, ndipo m'katimo ndinamva kutafuna. Kompyuta ija inali kudya zilembo.

Ndikufotokozereni, poti mlamu wanu wa ku Mzuzu sakudziwa. Polemba njira yopita kufayilo, pakati pa foda ndi foda pamaikidwa kamtengo kopendekeka. Koma m'chiyankhulo chimenechi kamtengo kameneko kakagundana ndi t kapena n, nsato imameza zonse ziwiri n'kuziyesa lamulo lodumpha malo kapena loyamba mzere wina. Ndiye m'malo mofuna njovu kuthengo, makina a anthu ophunzirawo anatha miyezi akufunafuna jovu ku hengo. Inu a Mkandawire mwayenda dziko lino, munamuonapo jovu? Ndinawirikiza timitengoto, awiriawiri, kuti ikameza kamodzi kena katsale, ndipo kutafuna kuja kunaleka pompo.

Ndinayendetsanso. Tsopano inati fayilo yaipeza, koma ndilibe chilolezo, wina waigwira. Ine, wopanda chilolezo, munthu amene boma linandilemba ndi sitampa. Nditafunsa, Nyagondwe anati chichokere mzunguyo palibe amene anazimitsa makinawo, ankaopa kuti akagona sadzadzukanso. Ndinasuzumira kuseri kwa mawindo a pasikirini, ndipo ndinapeza fayilo ija ili chitsegukire m'pulogalamu ina, mmene mwini wake anaisiyira tsiku limene anayamba kunjenjemera, itagwidwa zolimba mwakuti zala za mzunguyo zinkaonekabe m'mphepete mwake, zoyera mbuu. Ndinazikanula chimodzichimodzi, n'kutseka pulogalamuyo, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ola lomwelo, kwawo kutsidya kwa nyanja, munthuyo anagwetsa kapu ya tiyi osadziwa chifukwa chake. Mukumva?

Apa panangotsala kulembanso mzere wotsegulira fayilo kuti ukhale waukhondo. Mzere umenewu umafuna chilembo chimodzi chouza makina cholinga chako. Ukaika r, ndiye kuti ukufuna kuwerenga. Ukaika w, ndiye kuti ukufuna kulemba, ndipo fayilo ikakhala kuti ilipo kale, w amayamba wasesa zonse zili m'katimo, osafunsa, osapepesa. Yang'anani pakiyibodi yanuyo, muona kuti pakati pa zilembo ziwirizi pali e yekha, mkhalapakati wowonda ngati ameneyo.

Ndinakweza chala kulunjika pa r. Nthawi yomweyo alimi pabwalo anabalalika, chifukwa chinjovu chachimuna, chomwe msana wake unkapyola denga, chinali chitamva kuti tikukamba za njira zake, ndipo chinabwera masana dzuwa likuswa mtengo kudzatsutsa mlandu. Chinatsamira khoma ngati chikudzikanda, nyumba yonse pamodzi ndi tebulo ndi kiyibodi inasunthira kumanja, chala changa chili m'malere chosalakwa, n'kutera pa w, kenaka chinadzikandanso kachiwiri, chigongono changa chinagunda batani loyendetsera. Ndikudziwa zimene mumauza anthu kumpingo a Mkandawire, zoti ndinalakwitsa ndekha. Chala changa chinapita pamene ndinachituma. Inasuntha ndi nyumba.

Fayilo inatseguka bwinobwino, koma m'kati munali mbee. Dzinja lonse la anthu aja, matope onse, minga yonse, zinapita. Nyagondwe anayang'ana sikirini, anakhala pansi padothi, n'kuvula duku kumutu n'kuliika pamiyendo. Sanalire. Anangofunsa motsitsa mawu, "Asambizgi, mwachita vichi?" Ndikuuzeni zoona, mawu amenewo anandilasa kuposa nyanga ya njati, chifukwa ndinaona m'maso mwake munda uja mmene anatola mwamuna wake.

Koma zosesedwa zimapita kwinakwake, ngakhale zinyalala zili ndi dzala lake. Nditayang'ana kuseri kwa bokosi, kumene kuli kachipupizira kotulutsa mpweya wotentha, ndinaona zilembo zikutuluka ngati ngumbi mvula yoyamba itagwa, ma a, ma k, manambala, timadontho, zonse zili piringupiringu kuthamangira kuwindo, ndipo panja nkhuku za m'mudzimo zinali zitayamba kale phwando pakati pa miyendo ya njovu. Ndinatsomphola chitenje chija, ndinadumphira pawindo, ndinatera pachitamba, ndinathamanga pamsana pa njovuyo mpaka kumchira ndikukupiza chitenje ngati ukonde, ndinakola zonse zinali m'mwamba, kenaka ndinatsikira nkhuku zija, iliyonse kuigwira miyendo, kuizondotsa, kuikhutchumula mpaka italavula zimene inameza, tambala wina analavula mzere wathunthu ndi mpumiro wake womwe. Inandipulumuka ndi nkhuku imodzi yokha, yathadzi, yamawangamawanga, imene inalowa m'tchire chithokomiro chitatupa.

Ndinapempha lichero. Amayi a kumeneko mpaka lero amakamba za kupeta kwanga, chifukwa ndinapeta zilembozo mwakuti manambala, poti ndi olemera, anatsalira kumbuyo, mawu anabwera kutsogolo, ndipo chilichonse chinagwera pamalo pake mwa dongosolo, mzere ndi mzere, monga anayendera alimi aja.

Tsopano panafunika fayilo yatsopano yoti ndithiremo. Mukuganiza kuti kupanga fayilo n'kosavuta, poti inu mumangodina. Ndinalamula kuti ipangidwe mufoda ya mapu, nsato inati foda yotero kulibe. Apa sinaname, mzungu uja anaitchula m'pulogalamu koma sanaimange, ndipo fayilo ili ngati mlendo, sigona m'nyumba ya m'maloto. Ndinamanga fodayo. Inati m'mimba mwa kompyuta malo atha, poti munadzaza zithunzi za mbalame zimene mzunguyo ankajambula kunyanja. Ndinatenga kadiski, tija takale tamakona anayi timene inu simunationepo, inati kadiskiko n'kokhoma, sikalola kulembedwa. Pakona pake pali kachitseko kakang'ono kofunika kukankha, koma kanali katachita dzimbiri, chikhadabo chinakanika, msomali unapindika, ndiye poti njovu ija inali italowetsa mutu pawindo kuti ione zimene tikuchita, ndinakola kachitsekoko kunsonga ya mnyanga wake n'kuitsina khutu, inadzidzimuka, kachitseko kanati tche. Mukumva?

Ndinayamba kuthira zilembo, dzanja lamanzere likugogoda, lamanja litagwira khutu lina la njovuyo kulikokera pansi, chifukwa linkaphimba sola ndipo batire linali litayamba kulira. Nditafika pakati, kadiski kanati kadzaza. Nzeru zake n'zomveka, njira za njovu n'zazikulu, sizingakwane m'kanthu kolowa m'thumba la malaya. Inu masiku ano muli ndi timapulogalamu tofinyira mafayilo. Ine ndinatulutsa kadiskiko, ndinakaika pamwala, ndinakodola njovu, inapondapo kamodzi mwaulemu, ndipo nditakabwezera m'makina, zonse zinali zitapanikizika mwakuti panatsala malo okwana njira za mvuu ndi za anyani omwe.

Chomaliza, chimene ana a masiku ano mumaiwala, ndinatseka fayilo. Fayilo yosatseka ili ngati khola losiya pululu, umagona ukuti mbuzi zilimo, m'mawa n'kupeza ndowe zokha. Nditaitseka, ndinaitsegulanso ndi r, nyumba nditaigwira ndi phazi kuti isasunthenso, ndipo mapu anatuluka pasikirini okongola mwakuti njovu ija itawaona inazindikira kuti zake zada, inatembenuka n'kubwerera kudambo mchira uli pansi. Nyagondwe anavalanso duku lake. "Yewo, asambizgi," anatero, ndipo anandiphera tambala yemwe uja analavula mzere.

Alendo anafika mawa lake, anaona mapu, anagwedeza mitu, ndipo mvula isanabwerenso mpanda wa waya unali utazungulira minda yonse, kutseka njira iliyonse imene inali mufayilo. Chaka chimenecho anthu a kumeneko anakolola mpaka nkhokwe zinang'aluka.

Njira imodzi yokha ndi imene sinatsekedwe, ija inapita ndi nkhuku yamawangamawanga. Omanga mpanda anatsata mapu mokhulupirika, pamene panalibe mzere anasiya mpata, ndipo mpatawo unapezeka kuti walunjika m'munda wa Nyagondwe yemweyo. Njovu zonse za m'dambo, posowa kwina kotulukira, zinayamba kudzera pamenepo pamzere ngati ana a sukulu, mpaka mayiyo anasamukira kwa alongo ake ku Thazima. Inu a Mkandawire mumati ndinadumpha mzere polemba. Pitani ku Kazuni mukaone nokha, mpatawo ulipo, ndipo nkhuku za kumeneko mpaka lero zimaikira mazira okhala ndi manambala pachikamba. Nyagondwe naye alipo, mukamufunse. Kungoti tikakumana pamsika amatembenukira kumbali osandipatsa moni, ndipo ine sindimudandaula. Munthu ukamuchitira chachikulu chotere, mawu othokozera amasowa.