Mmene Ndinatontholetsera Nyanja ya a Che Bwanali

Iwe wakabaza ukusekawe, tsika panjingapo ubwere pafupi, chifukwa pamene ine Namakhwa ndinkalumikiza mapaipi a nyanja yamchere muno m'Chiradzulu, iwe unali usanayambe n'kukwawa komwe. Eee, nyanja yamchere, m'nyumba, pabalaza! Amene akuti ndi bodza anyamuke azipita, otsalanu tcherani khutu.

Zinali zaka zija matipate atangobwera, nkhondo ya ku Mozambiki itatha. A Che Bwanali, amene anali ndi sitolo yaikulu chakufupi ndi Nguludi, anayamba kupita ku Kelimane, ku Mozambiki komweko, kukapikula kokonati ndi nsomba zouma, ndipo ulendo wina anabwerako ndi mkazi, mai Zainabu, wobadwira m'mphepete mwa nyanja yamchere penipeni. Mayiyo atafika kuno n'kuona phiri ndi minda ya nandolo yokhayokha, anayamba kuonda ndi kupukwa kwawo. Mwamuna, chikondi chitamukwera m'mutu, anabwerera kukaitenga nyanjayo: thanki yagalasi yaitali ngati bedi, migolo ya madzi amchere, miyala ya pansi pa nyanja, ndi tinsomba tachikasu ndi tabuluu toposa zitenje za m'sitolo mwawo.

Tsono nsomba zimenezi sizikhala m'madzi ongoima. Pansi pa thankiyo, m'kabati, mumakhala kathanki kena. Madzi amatsikira m'menemo n'kusefedwa m'miyala, kenaka pampu imawakankha kubwerera kumwamba. Pamene panavuta ndi papampupo. A Che Bwanali anagula chimpampu chothirira dimba poganiza kuti kukula ndiye ubwino, ndipo atangochiyatsa chinalira mpaka amayi a ku Kadewere anabwera ndi madengu a chimanga pamutu kuyesa kwatsegulidwa chigayo, nkhuku zinayamba kuikira mazira osweka kale, belu la ku mishoni linkangogwedezeka osamveka, nyumba n'kumasendera kumsewu moti kukacha khomo linkapezeka pena, ndipo nsombazo ndinaziona ndi maso angawa zitatseka makutu ndi zipsepse. Mukumva?

Mai Zainabu anali ndi pakati, tulo osatiwona. Anamanga katundu, natumiza uthenga kwa atsibweni awo kuti abwere Lachisanu kudzawatenga. Tsikulo litayandikira, a Che Bwanali anandipeza kwathu ku Mbombwe maso ali psuu.

"A Namakhwa, banja langa likutha. Ndikazimitsa pampu, nsomba zifa, mkazi apita. Ndikaisiya ilire, apitabe."

Ndinati, "Inu pitani mukagulitse shuga. Nkhaniyi yafika kwa mwiniwake."

Lachisanulo m'mawa ndinapalasa njinga kupita ku Limbe, kupitirira minibasi iliyonse mpaka mateyala kufuka utsi, ndipo nditafika m'sitolo ya mapampu ndinalamula kuti onse awaike m'ndowa zamadzi n'kuwayatsa. Khutu langali limamva nankafumbwe akutafuna chimanga m'nkhokwe ya tsidya la mtsinje, komabe sindinalidalire lokha: ndinkaluma mlomo wa ndowa iliyonse, chifukwa phokoso limene khutu laphonya, dzino limaligwira. Ina inkaliza mkonono, ina inkatsokomola, ina inkangong'ung'udza ngati mpongozi amene mwamumana fodya. Mapampu achitsulo ndinawakana osawakhudza n'komwe, poti mchere umadya chitsulo ngati chiswe. Kumapeto ndinapeza kapampu kapulasitiki kogona pansi pa madzi, kochepa ngati papaya, kamphamvu zongokwanira madzi otsika aja basi. Ntchentche inatera pandowa yake n'kugona tulo mpaka kugwera m'madzi, ndipo mwini sitolo ankatsutsa kuti sikanayake mpaka madzi anamuwaza kumaso.

Pobwerera ndinapeza vuto lina. Kuti ndisinthe mapaipi ndinayenera kukhuthula thanki yonse, koma migolo ija anali atathiramo kale palafini wa m'sitolo, ndowa za pakhomopo zinali zadzimbiri, ndipo kunamveka kuti atsibweni atsika kale minibasi, akubwera wapansi. A Che Bwanali anangogwira kumutu. Ine ndinavula chipewa, ndinaika paipi m'kamwa, ndinakoka. Ndinamwa nyanja yonseyo, madzi, nsomba, ngakhale kankhanu kamene kankabisala m'miyala, mimba inatupa ngati nkhokwe, mabatani a shati anathothoka n'kugwetsa khwangwala amene ankadutsa pamwamba pa denga, ndipo m'katimu tinsomba tinkandigirigisha m'nthiti, kena n'kusuzumira pamphuno kuona ngati kunja kwacha, ine osaseka, osatsokomola, chifukwa ndikanangoti khosu, Nguludi yense akanakokoloka. Pali Mulungu kumwambaku!

Ndili ndi nyanja m'mimba chonchobe, ndinakwawira m'kabati. Ndinadula patapata ya a Che Bwanali n'kuiyala pansi pa kapampu kuti kasagunde galasi. Pakati pa kapampu ndi paipi yolimba ndinaikapo kapaipi kofewa kamphira, kuti kunjenjemera kuthere pomwepo, kusakwere. Paipi yotsitsa madzi ndinaimiza m'madzi a kathanki kapansi kuti isamachite khulukhulu. Paipi yobwezera madzi ndinaiboola kabowo chakumwamba ndi chikhadabo ichi, kuti magetsi akathima madzi asabwerere onse pansi n'kusefukira pabalaza. Guluu ndinaumitsa ndi mpweya wa m'mphuno. Ndiyeno ndinaweramira muthanki n'kutsegula pakamwa, madzi anabwerera osatayika n'dontho lomwe, nsomba zinatuluka pamzere zitanenepa, ina itaswa kale ana.

Nthawi yomweyo atsibweni analowa, nkhalamba yaitali ya kofia woyera pamutu, nkhope ili ndwii, moni osayankha. Mai Zainabu anatuluka kuchipinda ndi mtolo wawo, nakhala pamwamba pake kudikira kuti akuluakulu amalize kulankhula. Ine ndinangotambasula dzanja n'kuyatsa.

Zii.

Atsibweni anati, "Mwazimitsa makina anu kuti mundipusitse eti?"

Ndinangowalozera madzi akuzungulira, tinsomba tikuvina m'miyala. M'nyumbamo munali bata loti tinkamva mapazi a buluzi pakhoma, tinkamva kangaude akuluka, tinkamva ndevu za a Che Bwanali zikumera, kenaka tonse tinamva kaphokoso kakang'ono kosadziwika kumene kakuchokera, mpaka titatembenuka n'kuzindikira kuti ndi mwana uja m'mimba akuyasamula. Mukumva? Mayi ake anayang'ana tinsomba tabuluu tija, misozi ili chuchuchu, nanena kamawu kena m'chinenero chakwawo, mutu unapendekeka, basi tulo, pamtolo pomwepo.

Atsibweni anavula nsapato kuti asasokose. Anayandikira a Che Bwanali n'kunong'ona, "Musamudzutse, mkamwini."

Nkhalambayo inakhala pabalazapo dzinja lonse ikuonerera nsomba, ndipo pobwerera kwawo inapita yokha.

Kuyambira tsiku limenelo, mkazi wanga sanapondenso m'sitolo kukagula mchere. Ndiwo zikasukuluka amangondiitana, ine n'kuviikamo chala. Ndikamalima thukuta n'kutuluka, mbuzi za mudzi wonse zimanditsatira mzere ndi mzere, ndipo pamene ndakhala kupuma pamatsala mbee ndi mchere. Inu amayi ogulitsa chimanga chootchanu, ndakuonani mukupukusa mutu. Bweretsani chimodzi chotentha ndichipake pamkono apa, mulawe nokha pamaso pa anthu onsewa. Mukuopa chiyani? Bweretsani!