Mfuti Yopopedwa ndi Akalulu

Kudali nkhalango ina, ndipo ndabwera ndapeza ikadalipo, kumene Mkango unkasaka akalulu ndi mfuti ya gogodera. Ikalira, mapiri ankayankha. Aliyense ankadziwa kuti mnzathu wagwa. Tinkakumba manda, tinkalira mokweza, mawa lake n'kubwerera kudambo. Ine ndinachoka masiku amenewo, osadziwa kuti phokoso nalo ukhoza kudzalisowa.

Fisi atalowa ufumu anaponya gogodera mumtsinje pakati pa nthungululu. Kenako anasolola m'thumba mfuti yowonda, ya mpweya. Nyani, nduna yofalitsa nkhani, anafotokoza kuti imeneyi si mfuti kwenikweni: ilibe onga, ilibe moto, siidzutsa ngakhale khanda.

"Mpweya unaphapo ndani, abale anga?" anafunsa Nyani. "Boma ili liziyenda ndi mpweya wanu."

Apo sananame. Mfutiyo inkafunika kupopa, choncho m'mawa uliwonse akazi a akalulu ankafola pabwalo, n'kumakanikiza chogwirira chake akuimba. Ntchitoyi inkatchedwa kutenga mbali pa chitukuko. Akamaliza, Fisi ankainyamula n'kupita pachulu, kukayendera dambo ndi maso. Wopopa mwamphamvu ankalandira chitenje cha nkhope ya Fisi, ndipo mayi wina, Nasibeko, anali atadzaza nazo dengu.

Amuna anayamba kusowa kudambo. Poti palibe anamva mfuti ikulira, Nyani anati palibe wafa, ndipo maliro opanda imfa ndi kusokoneza mtendere. Osowawo, anatero, apita kunja kukafuna maganyu, monga amachitira osakonda dziko lawo.

Tsiku lina mlamu wake wa Nasibeko anafika chokwawa, n'kufera pakhomo. Posambitsa mtembo mobisa anapeza kabowo kuseri kwa khutu, m'kati mwake kamtovu kochepa ngati njere ya mapira. Nasibeko anakumbukira kuti m'mawa umenewo womaliza kupopa anali iye, ndipo bwalo lonse linamuwombera m'manja.

Kutacha, mwamuna wake, a Mposa, anatenga thumba la kudambo. Nasibeko anawaletsa, anawagwira mwendo. Iwo anangoti ana sangadye mantha, n'kunyamuka.

Pabwalo Nasibeko ananong'oneza mnzake, mnzakeyo ananong'oneza wina. Tsiku limenelo amayiwo anaimba kuposa masiku onse. Anawerama, anabuula, thukuta kamukamu ngati akukankha mwala, koma chogwirira palibe anachifikitsa pansi. Nyani anasangalala mpaka kulonjeza zitenje za mtundu watsopano.

Fisi anakwera pachulu, amayi aja akumutsatira chapatali. Kudambo makutu a Mposa ankaonekera pamwamba pa udzu. Fisi analozetsa mfuti, anatsinzina diso, anakoka. Mfuti inangoti fuu, ngati nkhalamba ikuusa moyo, kamtovu n'kugwera pachala chake chomwe.

Nyani anathamangira kutsogolo kukalengeza kuti pakhazikitsidwa komiti yofufuza amene wadya mpweya wa boma. Palibe anamuyang'ana.

"Amayi anga okondedwa," anatero Fisi mofatsa, mano onse ali panja, "tapopaninso pang'ono. Chitukuko chaima."

Nasibeko anavula chitenje chija, anachipinda bwinobwino, anachiika pansi. Kenako anagwada ndi kuwomba m'manja mwaulemu wonse.

"Pepani, Bwana, mpweya watithera. Mkango uja unali woipa, koma onga unkagula wokha."

Kudambo, a Mposa ankangozula udzu, osadziwa kanthu.